Ndinajambula Mkazi wa Mwini

Linali Loweruka lomaliza la mwezi wa Juni, cha m'ma 10 koloko m'mawa, pamene ndinavula magalasi anga n'kuwaika m'thumba la jekete. Ndikanawasiya pamphuno, bwenzi lero ndilibe chokuuzani.

Ndili ndi kamera yomwe ndinagula kwa mnzanga wa kuntchito, pamodzi ndi lenzi yaitali ija yokokera pafupi zinthu zakutali. Poyamba inkandizunza. Chilichonse chinkatuluka mbuu. Ndinapita kwa mkulu wina wojambula zithunzi pafupi ndi msika m'tauni, ndipo anandiuza kuti lenzi ilibe mlandu.

"Adada, ndi manja anu akunjenjemera. Lenzi yaitali ikamakulitsa chinthu, imakulitsanso kunjenjemerako. Tsamirani khoma, zigongono pachifuwa, shata, kachitseko kolowetsa kuwala mukadina, ikhale yothamanga, gwirani mpweya, kenako dinani."

Ndinaphunzirira pa akhwangwala a kwathu ku Mchengautuwa mpaka nthenga zawo zinayamba kuoneka imodziimodzi. (Palibe anapemphapo chithunzi cha khwangwala, koma ndimazisungabe.)

Amene anadandaula ndi mkazi wanga. "Bambo a Chisomo, akhwangwala ali ndi zithunzi, ine ndilibe ngakhale chimodzi chopachika pabalaza. Cha ukwati wathu chija chinatha ndi chinyezi." Ankanena zoona. Choncho titaitanidwa ku ukwati wa mwana wa mnzathu wa kutchalitchi ku Ching'ambo, ndinawalonjeza chithunzi chimodzi chabwino, akuvina.

Mukudziwa mmene maukwati amakhalira. Amayi a mbali imodzi amagula chitenje chofanana, n'kusoketsa kwa telala mmodzi, ndi duku lomwe. Cha mbali ya mkazi wanga chinali chachikasu cha maluwa obiriwira.

Tsikulo kunali kozizira, kamvula kowaza ka kuno kakubwera n'kumapita. Lenzi yaitali imafuna mtunda, ndiye ndinakaima patali, kutsamira mpanda wa njerwa. Nditangoika diso pakamera, mpweya wanga unachita nthunzi pamagalasi. Ndinapukuta, nthunzi inabwerera. Ndinapukutanso. Kenako ndinavula. Ndinadziuza kuti kamera imadzikonza yokha kuti chithunzi chioneke bwino, ine yanga n'kuloza basi. Komanso munthu amene ndakhala naye zaka zonsezi ndingamusokoneze?

Amayi anatuluka m'tchalitchi pamzere akuvina. Kwa ine anali ngati munda wa mpendadzuwa ukuyenda. Chakumapeto ndinaona wamfupi, wodzaza thupi, wovina mosafulumira. Ndinati mayi a Chisomo ndi omwewo.

Zonse ndinachita mwadongosolo. Zigongono pachifuwa. Mpweya ndinagwira mpaka mutu kuzungulira. Mkulu wa mpingo atabwera kudzandipatsa moni, ndinamuyankha ndi chala chimodzi kuti adikire. (Mpaka lero amandipatsa moni wapatali.) Ndinawatsatira mayiwo ndi lenzi kuchokera pakhomo la tchalitchi mpaka pagalimoto ya akwati. Sindinayang'ane zomwe ndajambula, chifukwa popanda magalasi kagalasi ka kumbuyo kwa kamera sindikaona, ndipo ndinkadzikhulupirira.

Chakumadzulo tili kunyumba, mayi a Chisomo anaika tiyi n'kukhala pambali panga. Ndinavala magalasi, ndinayatsa kamera.

Chithunzi choyamba chinali chokongola kuposa zonse zomwe ndinajambulapo. Ulusi wa duku unkaoneka. Timadontho ta mvula pachipumi tinkaoneka. Mpata wa mano unkaonekanso. Mkazi wanga alibe mpata wa mano.

"Awa ndi NyaGondwe," anatero. NyaGondwe ndi mkazi wa a Mhango, aneba athu a kuseri kwa mpanda.

Ndinadina chachiwiri. NyaGondwe akuseka. Chachitatu, NyaGondwe atakweza mpango.

"Pitirizani," anatero, osakweza mawu.

Ndinapitiriza mpaka kumapeto. Pa chimodzi chokha, m'mphepete, panali chigongono chosaoneka bwino.

"Ichi ndi changa. Ndachidziwira wotchi." Anamwako tiyi. "Bambo a Chisomo, ndiye kuti m'mawa monse munkayang'ana mkazi wa a Mhango mutagwira mpweya?"

Ndinafotokoza za nthunzi. Ndinafotokoza za telala mmodzi. Anangoti, "Nthunzi," n'kutenga makapu.

Tisanapume, tinamva odi pakhomo. Anali NyaGondwe, duku lidakali kumutu.

"Lowani anzanga," anatero mkazi wanga, "mudzaone ukwati wanu."

"Ine ndinaona chikamera chikunditsatira," anatero NyaGondwe atakhala, "ndiye ndinati ndisawachititse manyazi adada, ndinavina chomene." Ataona zithunzizo anagwira pakamwa. "Yewo, adada, ndathokoza. Ichi cha mpango a Mhango achipachika pabalaza."

Apa ndi pamene mkazi wanga anaseka, mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Ine sindinaseke nawo. Mkulu wa kumsika uja anandiphunzitsa zonse za kugwira kamera. Zoti uyambe waona amene ukumujambula sananene, mwina ankaganiza kuti munthu wamkulu amadziwa kale.

M'mawa mwake ndinadzuka anthu asanadzuke, n'kusita ndekha diresi lachikasu lija ndi duku lake. Tisananyamuke kupita kutchalitchi ndinawaimika mayi a Chisomo pakhonde. Lenzi inakana pafupi, ndiye ndinabwerera chambuyo mpaka kumsewu, magalasi ali pamphuno, kansalu kopukutira m'dzanja. Pabwalo ponse panalibe munthu wina. Ndikugwira mpweya, ndinawaona akukweza mkono.

"Bambo a Chisomo," anaitana, "ndine uyu wakweza dzanjayu."