Duku la Apongozi Litatsetsereka

Anzanga ambiri analowa m'mabanja a akazi awo ndi ulemu wawo wonse. Ine ndinalowa nditakhala pansi, laputopu ili pamiyendo, ndikuchonderera apongozi kuti akhulupirire kuti ndine mbuli. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti sanavute kukhulupirira.

Nthawi imeneyo ndinkakhala ku Kabwata mu Lusaka, ndipo ntchito yanga inali pa nyumba ina yosungira simenti ku Heavy Industrial Area. Bwenzi langa Tiyanjane, pokandionetsa kwa makolo ake ku Chelstone, anangoti, "Agwila nchito za makompyuta." (Sanali kunama kwenikweni. Pa tebulo langa panalidi kompyuta, yokutidwa ndi fumbi la simenti.) Bambo ake, amene ndi mkulu wa mpingo, anagwedeza mutu mokhutira. Mayi ake sanagwedeze chilichonse. Iwo mtima wawo unali pa mnyamata wina wa ku Kabulonga, kwa anthu olemera, ndipo ine ankandiona ngati chimfine chimene mwana wawo adzachira yekha.

Ndiye tsiku la ukwati litayandikira, ndinaganiza zowatseka pakamwa. Ndinalengeza kuti ife sitisindikiza makhadi oitanira anthu ngati akale. Ndipanga tsamba la pa intaneti, lokhala ndi zithunzi za makolo a mbali zonse, zojambula ine mwini. Tiyanjane anandifunsa ngati ndinapangapo chinthu chotero. Ndinamuyankha kuti mavidiyo ophunzitsa alipo ambirimbiri, ndipo anthu amene amawapanga alibe mitu iwiri.

Mavidiyowo anandiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba ndi kujambula kwa vekita: umaika timadontho, n'kumapinda mzere wolumikiza timadonthoto mpaka utuluke mphuno kapena khutu, ndipo chithunzicho ngakhale uchikulitse bwanji sichichita mbuu. Chachiwiri ndi CSS, malamulo ouza tsamba kuti chinthu chilichonse chikhale pati komanso chikhale cha mtundu wanji. Poyamba mizere inkandikanira. Khutu la apongozi aamuna linatuluka ngati chogwirira cha kapu, ndipo pofuna kulikonza ndinalisandutsa nsapato. Koma pang'onopang'ono dzanja linazolowera, nkhope zinayamba kufanana ndi eni ake, ndipo ine ndinayamba kuyenda mosiyana.

Mphunzitsi wa mu vidiyo ina ananena kuti chithunzi cha vekita ndi zidutswa zosanjikizana, choncho usataye nthawi kujambula zimene sizidzaoneka. Mawu amenewa ndinawalandira ngati uthenga wabwino. Apongozi aakazi sindinawaonepo opanda duku, ndiye tsitsi ndilijambuliranji? Ndinangoika chozungulira chofiirira, kakuwala koyera pamphumi, duku pamwamba, basi.

Zikanathera pamenepo bwenzi ndili munthu. Koma ndinafuna kuti munthu akakhudza dukulo, lizisintha mtundu kukhala la mtundu wa ukwati wathu. Choncho ndinalichotsa pa chithunzicho n'kulisunga palokha, kenaka ndinalikhomera pa tsamba ndi manambala a CSS: kuchokera kumanzere mwakuti, kuchokera pamwamba mwakuti. Pa laputopu yanga linakhala pamutu pawo ndendende. Vidiyoyo inali ndi gawo lomaliza lonena za kuyesa tsamba pa foni, koma ndinalidumpha. (Munthu wodziwa kale saonera vidiyo mpaka kumapeto.)

Loweruka m'mawa ndinatumiza tsambalo kwa Tiyanjane, iye n'kuliponya m'gulu la achibale la pa foni asanalitsegule n'komwe, chifukwa ankandikhulupirira. Ine ndinakwera minibasi kupita mu tauni kukayesa suti. Tisanafike, foni inalira.

"Iwe, wabachita chani amai?" anatero Tiyanjane.

"Nabajambula bwino, si so? Wagwila pa duku?"

"Segula pa foni yako. Manje manje."

Ndinatsegula. Foni ndi yopapatiza, ndiye zithunzi za makolo zinachepa n'kusuntha kuti zikwane. Koma duku, pomvera manambala anga mokhulupirika, linatsala pomwe ndinalikhomera, ndipo pamenepo tsopano panali mutu wa apongozi aamuna. Mkulu wa mpingo, suti yakuda, Baibulo m'manja, duku kumutu. Ndinalikhudza mwangozi, linasanduka lofiira. Pambali pawo panali apongozi aakazi, mutu uli mpala, kakuwala kanga kaja kakung'anima pamwamba.

Kondakitala anasuzumira paphewa langa. "Ba boss, ni malilo?"

Sanali yekha woganiza choncho. Kwathu kum'mawa mayi wamkulu akaoneka wometa mpala, anthu amadziwa kuti pakhomo pagwa zovuta. Azakhali a Tiyanjane a ku Katete, maso awo ndi ofooka kale, anangoona mlamu wawo wometa n'kuyamba kulira mchimwene wawo. Atauzidwa kuti ali moyo, ndi amene avala dukuwo, akuti anafunsa ngati mutu wawo ukuyenda bwino. Pofika masana chithunzicho chinali chitafika m'gulu la kwaya, ndipo kwaya simasunga chinsinsi.

Ndinathamangira ku Kabwata n'kuchotsa tsambalo, ndikudziuza kuti ndi nkhani yoseketsa chabe, mawa aiwala. Madzulo Tiyanjane anabwera maso atatupa. Anandiuza chimene sindinkadziwa: mayi ake tsitsi linawathothoka zaka zapitazo atadwala kwambiri, ndipo silinamerenso. Odziwa anali awiri okha, bambo ake ndi iyeyo. Tsopano mayi ake ankakhulupirira kuti mwana wawo anandiululira, ndipo ine ndawaseka pamaso pa mtundu wonse pobwezera kuti sankandifuna. Kuyambira m'mawa sanamulankhule.

"Bakuti ukwati uime," anatero.

Kuseka konse kunandithera. Ndinachita manyazi, koma koposa ndinamva chisoni, chifukwa mayi ndi mwana wake anadana pa ulesi wanga.

Mawa lake ndinapita ku Chelstone ndi ankhoswe anga, amalume a ku Libala. Mu basi anandilangiza mwachidule. "Mphwanga, kumeneko usakaonetse nzelu. Nzelu zako taziona kale. Ukaonetse umbuli wako wonse, osasiyako."

Tinakhala pansi pafupi ndi chitseko. Apongozi aakazi anakhala pa mpando, duku lomangidwa mwamphamvu, nkhope kuyang'ana kukhoma. Sanalankhule ndi ine, analankhula ndi amalume.

"Afunseni apongozi angawa. Anawauza ndani?"

Ndinapempha chilolezo chotsegula laputopu. Ndinasonyeza chithunzi cha apongozi aamuna n'kukoka jekete lawo kuliika pambali. Pansi pake panalibe munthu, mutu ndi manja zinangolenjekeka m'malere. Ndinakoka chitenje cha mayi anga ondibala: analibe miyendo, nsapato zinangoima zokha. Pomaliza ndinafika pa chithunzi changa, chimene ndinadzijambula nditavala chipewa. Nditachotsa chipewacho, mutu wanga unathera pa nsidze. Pamwamba pake panalibe kanthu.

Apongozi aamuna anatsokomola chitsokomolo chachitali chokayikitsa, n'kutuluka panja.

Apongozi aakazi anatembenuka, anayang'anitsitsa mutu wanga wodukawo, kenaka anandiyang'ana ine kwa nthawi yoyamba.

"Ndiye za makompyuta zija ni zimenezi?"

"Ni zimenezi, amai. Ninangoonela mavidiyo, osafika na kumapeto. Ku nchito nimawelenga matumba a simenti."

"Tiyanjane sanakuuzeni kanthu?"

"Sananiuze. Akananiuza, sembe ninajambula tsitsi lambili kupambana la munthu aliyense mu Lusaka."

Kenaka anaitana mwana wawo, amene ankamvetsera ali kukhitchini, n'kumugwira dzanja osalisiya. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kutembenukira kwa amalume.

"Ukwati upitilile. Munthu woipa mtima nikanamukana. Koma chitsilu chimaleledwa."

Amalume anaomba m'manja mothokoza, ndipo ine, pozindikira kuti mawu abwino kuposa amenewa sabwera, ndinaomba nawo.

Tinakwatirana, ndipo apongozi amandikonda, sindinama. Ndikafika ku Chelstone amandisungira chiwalo chabwino cha nkhuku. Kujambula sindinasiye, ndipo masiku ano munthu aliyense ndimayamba kumujambula wathunthu ndisanamuveke. Koma foni yawo ikavuta pang'ono, ngakhale kungokweza mawu, amaikulunga m'kansalu n'kukwera basi kupita nayo mu tauni. Amandidutsa ndili pampando, n'kundiuza mwachikondi kuti, "Imwani tiyi, apongozi, musagwile chilichonse."