Mgwazo wa Alamu pa Besibolo

Lolemba

Maiwe! Ku besibolo kwavuta.

Madamu Moyo, aphunzitsi a pasukulu ya papulazi pano, pafamu ya fodya ino, amene anatibweretsera masewerawa m'thumba la feteleza, akuti Loweruka kukubwera timu ya ku Norton. Kutali kuudzu kuja kumaima anthu atatu ogwira mpira usanagwe pansi. Ife timati alonda. Malo ndi atatu, koma alonda tilipo anayi:

1. Ine, mphezi ya Mvurwi yonse.
2. Yusufu wa thirakitala.
3. Fanuwelo wa kumabani a fodya.
4. Alamu Banda, achimwene a mkazi wanga. Zaka 58. Mawondo olira ngati chitseko cha shedi.

Mmodzi akhala pabenchi. Madamu akuti asankha Lachisanu.

Ine ndikuti Madamu, musavutike mutu. Ndinaona pafoni kuti kunja kumene kuli eni masewerawa amayeza ndi manambala kuti mlonda aliyense amalonda malo aakulu bwanji. Iwo ali ndi makompyuta. Ine ndili ndi Giredi 5 ndi mutu uwu, ndiye tikufanana.

Zofunika: zikhomo 20 ndi chingwe (ndabwereka ku nazale ya fodya, eni ake sakudziwa), hamala, kope, bolopeni.

Otsika ndi Alamu, zimenezo ngakhale mbuzi ikudziwa. Mkazi wanga, Amake Rudo, akundiyang'ana cham'mbali. Akuti: "Chimwalirire akazi awo, achimwene amatuluka m'nyumba chifukwa cha kampira kameneka basi. Muwachotse, muziwaphikira ndinu."

Ndikuti si ine, ndi manambala. Manambala alibe mlamu.

Lachiwiri

Njira yake ndi yapafupi. Madamu amenya mpira ndi ndodo. Mlonda athamanga. Pamene waugwirira ndikhoma chikhomo, kenako ndiwerenga mapazi kuchokera pamene anaima. Wa mapazi ambiri ndiye ngwazi.

Koma anthu awa!

Yusufu, munthu amene anapitikitsa kombi mpaka pa giraundi ya sukulu atayiwalamo chipewa, lero akuyenda ngati wanyamula madzi m'mbale. Mapazi anayi, waima. Mpira uli apo, ukumuyang'ana.

Fanuwelo: mapazi atatu ndi theka. Theka limenelo wapunthwa.

Ndikufunsa, kodi mwadwala? Yusufu akuti: "Mukoma, chingwe ndachiona, zikhomo ndaziona, kope ndaliona. Ndithamange lero kuti mawa mundiwonjezere mgwazo?"

Mgwazo! Akuyesa ndikuwadulira ntchito ya tsiku ngati kumunda. Ndipo zoona, papulazi pano tonse tinakula tikudziwa kuti ukamaliza mizere yako dzuwa lisanafike pamutu, mawa foromani akupatsa ina isanu. Munthu wanzeru samaonetsa liwiro pamene pali kope.

Pobwerera ku komboni onse akundiyitana Foromani. Ngakhale amayi a pampopi.

Lachitatu

Ndachititsa msonkhano pansi pa mtengo wa gamu. Mawu anga okoma ngati a phungu. Ndikuti abale, uwu si mgwazo, iyi ndi sayansi. Onse akugwedeza mitu. Amva.

Sanamve.

Zikhomo za dzulo zikadali m'bwalo. Mpira ukugwa phazi limodzi kupitirira chikhomo cha Fanuwelo. Iye waima nji pachikhomo, manja m'chiuno: "Uko ndi kwa Yusufu." Yusufu akuti: "Kwanga kwathera apa." Mpira uli pakati, wopanda mwini, ngati mzere wa munthu amene wapita kumaliro.

Ndiye Alamu. Apa mutu wanga watentha.

Mipira isanu ndi umodzi. Agwira yonse. Mapazi: ziro!

Sakuthamanga. Madamu asanamenye, iwo akuyang'ana mapazi a Madamu, akuyang'ana kumene fumbi la kumabani likulowera, kenako akusuntha pang'onopang'ono ngati akufuna pokhala. Ine ndikamati ndiyambe kuwerenga, mpira wabwera wokha m'golovesi, phaa, ngati anautumira uthenga.

Chikhomo ndikhome pati? Paphazi pawo?

Ndalemba ziro kasanu ndi kamodzi. Ndaphatikiza. Yatuluka ziro. Ndaphatikizanso kuyambira pansi, ziro yomweyo. Mwa sayansi, Alamu salonda malo alionse. Mwa maso, palibe chikugwa kwawo. Ine ndili mbali ya sayansi, chifukwa kope ndi langa.

Alamu akusuzumira m'kope. Kuwerenga bwino sadziwa, koma ziro amaidziwa. 

Lachinayi

Tsiku langa! Lero Mvurwi iona.

Vuto ndi loti sindingathamange uku ndikudziwerenga. Kope ndapatsa Amake Rudo. Kulakwa kwanga kwa chaka chino ndi kumeneku. Mayi ameneyu amasankha fodya kushedi, tsamba likangothimbirira pang'ono amaliponya kumbali osaphethira.

Mpira woyamba: mapazi 31! Ndauluka. Udzu wagona. Mpira wagwa kumbuyo kwanga, pamene ndinayambira.

Wachiwiri: mapazi 27, mpaka pawaya. Shati yatsala pomwepo.

Wachitatu ndaukhudza. Ndi chipumi.

Wachinayi, wachisanu, wachisanu ndi chimodzi: dzuwa, mphepo, ndi dzenje la nyerere limene dzulo kunalibe.

Komabe pa mapazi palibe wondifika. Ndikuti lembani, nambala wani. Amake Rudo ajambula mzere wawo umene ine sindinawatume, pamwamba alemba ZOGWIRA. Akuti: "Apa ndilembe kuti mwagwira chiyani, Baba a Rudo? Mphepo?"

Akutinso aona kuti poyeza anzanga ndimatambasula miyendo ngati ndikudumpha ngalande, koma poyeza zanga ndimayenda ngati mkwatibwi. Bodza! Ndi thalauza ili, limathina masiku ena.

Tsopano kope lili ndi masamba awiri. Langa: ine pamwamba, Alamu pansi. La Amake Rudo: Alamu pamwamba, ine kulibe ndi pansi pomwe, ndili m'mphepete mwa pepala.

Lachisanu

Foromani weniweni watulukira pabwalo. Akufuna zikhomo zake. Mawu amene wanena sindilemba, kope ili limalowa m'tchalitchi.

Wazula zonse, wakulunga chingwe, wapita. Zikhomo kungochoka, taonani anthu! Yusufu, wangochoka kumene ku mzikiti ndi mkanjo wake, akuuluka ngati chikwangwani cha mphepo ya Ogasiti. Fanuwelo wagwira mpira mpaka kuseri kwa chimbudzi cha sukulu. Sabata yonse ndakhala ndikuyeza anthu oima dala.

Alamu sanabwere.

Ndawapeza pakhomo pawo, akupaka golovesi mafuta odzola. Akulipukuta bwinobwino, kenako akundipatsa. Akuti: "Tengani, a Foromani. Ndaona zanga m'buku. Wa ziro salembedwa tikiti."

Zaka makumi anayi ali papulazi. Kwa iwo ziro m'kope ndiye kuti tsiku lako lapita, ndipo sutsutsa. M'nyumba mwawo muli mpando umodzi, wayang'ana kukhoma. Wachiwiri anaukweza padenga.

Ndikuti Alamu, bukuli simulidziwa. Ku besibolo ziro ndiye pamwamba penipeni, ngati nambala ya galimoto ya bwana.  Golovesi ndalisiya pamwendo pawo.

Madamu akufunsa zotsatira. Masamba ndi awiri. Ndang'amba limodzi, ndawapatsa la Amake Rudo. Ndawauzanso kuti kakolo wanga watupa kwambiri, madokotala akanamuona akanalira. Madamu akuyang'ana kakolo wolakwika, ine ndikutsimphina ndi winayo. Akuti: "Pepani, baba." Akumwetulira ngati munthu woti anasankha kale Lolemba.

Loweruka

A ku Norton afika pa lole, ndi mayunifolomu ofanana mpaka masokosi. Ife ofanana ndi fumbi lokha.

Ine pabenchi, pakati pa chigubu cha madzi ndi thumba la magolovesi. Ndauza alendo kuti timu yandisunga dala, chifukwa akanandiona sakanatsika pa lole.

Atimenya. Sindilemba zingati. Manambala ndasiyana nawo.

Koma chakumapeto! Chimunthu chawo chachitali ngati chumuni cha bani chamenya mpira, thoo, kumene Alamu sanauyembekezere. Ndipo Alamu ATHAMANGA. Mawondo akumveka mpaka kubenchi. Ine ndapezeka ndaimirira, ndikuwerenga mokuwa, komboni yonse ikuwerenga nane. Seveni! Eyiti! Naini! Pa leveni adziponya. Fumbi koboo. Zii.

Dzanja likutuluka m'fumbi. Mpira uli m'golovesi.

Ndathamangira m'bwalo kukakhoma chikhomo, chikhomo palibe, ndakhomapo patapata wanga. Woyimbira akundithamangitsa. Amake Rudo akulira uku akuseka, akukuwa kuti: "Kakolo, Baba a Rudo! Kakolo!"

Ndaiwala kutsimphina pamaso pa anthu mazana asanu. Mwina makumi asanu.

Lamulungu

Ku tchalitchi mkulu wa mpingo akundipatsa moni kuti a Foromani. Dzinali ndifa nalo.

Sayansi yatha. Kope Rudo watenga, akuti masamba otsala alembemo za kusukulu. Patapata sanapezeke. Madamu akuti benchi ndimaidziwa bwino, ndikhalepo mpaka mvula. Mgwazo wanga tsopano ndi umenewo: mapazi awiri m'litali, chigubu chimodzi, ndipo ndimaumaliza nthawi yabwino.

Masana Alamu abwera okha kwathu, koyamba chaka chino osaitanidwa. Akuyenda ngati thirakitala yopanda tayala limodzi. Adya, apempha ina.

Akundifunsa: "Mapazi adzulo aja anali angati?"

Ndikuti makumi anayi, Alamu. Mwina makumi asanu. Ku Norton akukamba zomwezo.

Akuti: "Leveni. Nanenso ndimawerenga."

Kenako ayang'ana kukhomo, asendeza mpando, atsitsa mawu.

"Koma musawalembe, alamu. Madamu angandiwonjezere."