Mabanja Khumi ndi Anayi pa Mita Imodzi

Komboni ya Pulazi 17,
Msewu wa ku Mhangura.

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Mawaya, Mapolo ndi Mamita,
Kampani Yathu Yokondedwa ya Magetsi.

Olemekezeka Shefu,

Ndagwada polemba kalatayi, ndipo ndikuilemba dala dzuwa lili paliwombo kuti ndisakuwonongereni magetsi. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse apaofesi, ndi kuti mafani akuzungulira. Ife kuno tilipo, kutentha kwa Okutobala kokhaku.

Ndine mlembi wa komiti ya mita pakomboni pano. Anandisankha chifukwa ndinapita kuyunivesite ku Chinhoyi, ndiye anthu anaona kuti zaka zinayi za maphunziro zingakwanire kulowetsa manambala makumi awiri a tokeni osalakwitsa. Andituma zinthu ziwiri: kukuthokozani, ndi kukudandaulirani za gogo wathu wapakomboni, sekuru Zeferino, omwe mankhwala awo amafuna kukhala mufiriji. Poti ndinaleredwa bwino, ndiyamba ndi kuthokoza.

Choyamba, zikomo potigwirizanitsa. Pano tilipo mabanja khumi ndi anayi, Asilamu, Akatolika, a Zioni, ena makolo awo anachokera ku Mangochi, ena ku Dedza, ena ku Tete. Mashehe ndi abusa anayesa kutiyanjanitsa, zinakanika. Inu ndi kabokosi kamodzi kokhomedwa pashedi yakale ya fodya mwatisandutsa banja limodzi. Kakangoyamba kulira tswii tswii n'kumaphethira mofiira, tonse timapemphera pemphero lofanana.

Chachiwiri, zikomo potilemeretsa. Mwa nzeru zanu munakonza kuti mayunitsi oyamba kugula pamwezi akhale otchipa, kuti naye wosauka aone kuwala, ndipo wopitirira pamenepo azilipira mowirikiza, poti ameneyo ndiye kuti ali ndi giza yotenthetsera madzi ndi dziwe losambiramo. Ndi nzeru yakuya. Kungoti mitayo siwerenga mitu ya anthu. Otchipa aja ife timawamaliza pa 4, ndipo pa 5 timadzuka tili mpondamatiki mmodzi wa makhitchini khumi ndi anayi. Chuma chotere agogo athu sanachilotepo.

Poyamba sitinkazidziwa zimenezi. Kumayambiriro kwa mwezi tinasonkha madola khumi, Fanuel, amene ali ndi foni yabwinoko, anakwera pachulu pomwe pamagwira netiweki, natsika ndi mayunitsi 60. Pakati pa mwezi tinasonkhanso khumi omwewo, chulu chomwecho, Fanuel yemweyo, anatsika ndi 19. Mai Munira, eni ake a firiji yokhayo pakomboni, anamufunsa pagulu: "Iwe Fanuel, enawo ali m'thumba kapena wamwera masese?" Bambo wa ana atatu anatembenuza matumba onse a buluku anthu akuonerera. Miyezi iwiri palibe anamupatsa moni. Nditawerenga bwino uthenga wanu wapafoni wobwera ndi tokeni, n'kuona kuti mtengo ndiwo unakwera, tinamupepesa, koma mkazi wake mpaka lero amakagula mchere kutakishopu m'malo mopempha kwa mnzake.

Chachitatu, zikomo posunga mbiri yakale. Tokeni iliyonse imabwera ndi dzina la mzungu amene anachoka papulazi pano mu 2002. Tinamva kuti anakamwalirira kutsidya kwa nyanja, koma ngongole imene anakusiyirani ili moyo, ndi yonenepa, ndipo imadya nafe. Tikagula magetsi, inu mumayamba mwaipakulira gawo lake. Kenaka mumadulanso kamsonkho kofikitsira magetsi kwa abale athu akumidzi. Timapereka ndi mtima wonse. Tingopempha mutiuze kuti ifeyo tili kuti, poti tauni yapafupi ndi ola lathunthu pakombi, minibasi yakuno, tikapeza kombiyo.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha ulemu wa antchito anu. Ndinapita kuofesi kwanu kukapempha kuti banja lililonse likhale ndi mita yakeyake. Mtsikana wapakauntala, waukhondo ndithu, anandifunsa pepala losonyeza mwini nyumba. Ndinamufotokozera kuti mwini pulazi watsopano amakhala ku Harare ndipo timamuona nthawi yokolola yokha, ndi kuti mayi anga anabadwira m'nyumba yomwe ndikugonamoyi. Anandimvera chisoni nati, "Sisi, popanda pepala sisitimu ya pakompyuta imakana." Ndipo Sisitimuyo akunena zoona. Ndinakafunsa kwa achikulire, onse akuti mayi anabadwa opanda pepala lililonse m'manja.

Tsopano, Shefu, ndiloleni ndidandaule pang'ono, mwaulemu.

Sekuru Zeferino ali ndi zaka 74. Anayendetsa thirakitala papulazi pano zaka makumi atatu, ndipo chomwe anapuma nacho ndi matenda a shuga. Amadzibaya jakisoni tsiku ndi tsiku. Mwana wawo wamkazi amagwira ntchito ya m'nyumba ku Norton ndipo amawatumizira timabotolo ta miyezi itatu nthawi imodzi. Timeneti timakhala mufiriji ya mai Munira, pakati pa mafiriziti, timadzi totsekemera toundana, omwe iwo amagulitsa pageti la sukulu.

Mwezi wathawu mita inazima pa 22. Komiti inakumana, ndipo inagwirizana kuti kugula pamtengo wa mpondamatiki n'kupusa, tidikire pa 1. Nane ndinakweza mkono, digiri yanga ili pomwepo. Masiku asanu ndi anayi mankhwala anakhala mumtsuko wokwiriridwa mumchenga wonyowa, pansi pa malata. Sekuru sanadandaule, ankangoti, "Ana inu musakangane chifukwa cha ine, mtsukowu ndi firiji ya makolo." Patapita sabata magetsi atayakanso, anagwa m'munda wa tomato momwe amagwira ganyu, tinawanyamula pangolo. Nesi wakuchipatala anayang'ana timabotolo tija padzuwa, nati tinaonongeka ndi kutentha, natitaya mubini, natifunsa ngati pakomboni pathu palibe munthu wophunzira. Onse anatembenukira kwa ine.

Sekuru anabwerako, akuyenda ndi ndodo. Mwana wawo wabwereka ndalama kwa abwana ake n'kutumiza timabotolo tina. Tili mufiriji panopa. Lero ndi pa 19, ndipo kabokosi kanu kakuonetsa mayunitsi 11. Talamula kuti masimbi ositira, mawailesi ndi maketulo onse apume. Fanuel yekha wakana, akuti iye anayamba wapuma miyezi iwiri ija.

Choncho pempho lathu ndi laling'ono. Tipatseni mita ina imodzi yokha, ya nyumba ya mai Munira, kuti firijiyo ikhale ndi mayunitsi ake otchipa. Dzina lembanipo lililonse lomwe Sisitimu angakondwe nalo, ife sitisankha.

Koma ngati malamulo salola, ndipo ife timalemekeza malamulo, titumizireni kalata ya chidindo cha ofesi yanu yopita kwa matenda a shugawo, yowadziwitsa kuti papulazi pano aziwagwira sekuru kuyambira pa 1 mpaka pa 21 basi, masiku otsalawo adikire mwezi watsopano monga tichitira tonsefe. Ife tayesa kuwauza pakamwa, sakutimvera. Mwina inu adzakuopani.

Ndine kapolo wanu wolipiriratu asanaone kuwala,

Tadala Bauleni,
Mlembi wa Komiti ya Mita.