Chithunzi chimene ndinajambulira m'bafa

Pa chiphaso changa cha unzika pali kamzere kakang'ono, kokalika ndi makiyi m'chikwama, ndipo kanasankha kudutsa pa chaka chobadwa penipeni. Ndinakaona m'mawa wa tsiku limenelo, ndinakapukuta ndi chala, sikanachoke, ndinangokasiya.

Nkhani yake ili chonchi, anzanga. Nditamaliza koleji ya zaulimi ndinakhala chaka chathunthu kwa achemwali anga ku Mzimba Boma, iwo anamwino, ine ntchito yanga kusesa ndi kudikira. Kenako bungwe lina la ku Lilongwe linandisankha kuti ndikaphunzitse alimi ku Edingeni. Koma ntchitoyo inali ya achinyamata osapitirira zaka 25, ndiye panatsala kuti nditsimikize zaka zanga: ndijambule chiphaso, ndidzijambulenso nditachigwira pafupi ndi nkhope, zonse zipite pa foni isanakwane faivi koloko. Makina awo amapereka mwayi katatu basi, ukalephera malo ako apatsa wina. Ndinaseka ndekha. Kujambula chithunzi kungavute munthu wa dipuloma?

Inu mukundidziwa, sindikonda kuti anthu azindiyang'ana. Achemwali atapita ku ntchito ndinalowa kuchipinda, ndinatseka chitseko, ndinakokanso katani kuti ngakhale nkhuku isandione. Mdima bii. Ndinayatsa fulashi ngati wakuba, n'kudina. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti makinawo safunsa ngati wakhutira nacho chithunzi, ukangodina chapita. Chiphaso chinatuluka choyera mbee ngati mbale yadothi, maso anga ngati a mphaka ali pansi pa bedi. Yankho silinachedwe: chithunzi sichikuoneka, pitani powala, mwatsala ndi mwayi uwiri.

Ndinatuluka pakhonde mwakachetechete. Koma pabwalo panali aNyaMoyo, mayi eni nyumba imene timachita lendi, akusankha nyemba palichero. Ndi mayi wamkulu, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka, wamtima wabwino, koma akaganiza zokuthandiza suthawa.

"Mukuchita vichi, mwana wane, kuzungulira ndi foni ngati mwataya netiweki?"

Ndikanangoti palibe. Koma ndinagwada, n'kufotokoza zonse, mpaka za mwayi uwiri.

"Chithunzi cha ntchito?" Anaika lichero pansi. "Ndi mutu uwo?"

Mutu unalidi ndi mlandu, ndinali nditamasula tsitsi mbali imodzi yokha. Analowa m'nyumba mwawo, anatuluka ndi duku, jekete yakuda ya mapewa otukuka imene amavala pa ukwati, ndi botolo la vaselini. Anandimanga duku mpaka pa nsidze. Anandiveka jekete, manja ake anameza zala zanga. Kenako anatapa vaselini ndi zala zitatu.

"Mwatuwa chomene. Mabwana aziti ku Mzimba kulibe mafuta?"

Anandipaka pachipumi, m'masaya, pamphuno, kuseri kwa makutu komwe kamera sifika. Atamaliza anatenga chiphaso, anachiyang'anitsitsa patali, n'kuona kamzere kaja.

"Nacho ichi chatuwa. Ndapota, gwirani botolo."

Anzanga, ine ndinaphunzira. Ndikudziwa zimene mafuta amachita akakumana ndi dzuwa. M'mutu mwanga munali mawu aulemu okonzeka bwino, akuti amama, pepani, chiphaso sichipakidwa vaselini. Ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi chiyani?

"Yewo, amama." Kuwathokoza, mpaka m'Chitumbuka chawo.

Anachipaka uku ndi uku, anachipukuta ndi nsonga ya chitenje mpaka chinayamba kuterera. Chithunzi cha chiphasocho ndinajambula ndekha, maso nditatsinzina chifukwa cha kunyezimira. Cha nkhope anati ajambula okha. Anandiimika padzuwa la masana, anagwira foni ndi manja awiri ngati mbale ya ndiwo zotentha.

"Sekani!"

"Akuti osaseka, amama."

"Munthu wofuna ntchito ndi nkhope ya pamaliro? Sekani, tione mino!"

Ndinaseka. Anadina. Tinayang'ana tonse. Mayi amene anali pa chithunzicho sindinamuonepo chibadwire: wa ana asanu, mwina tcheya wa amayi a kutchalitchi, wonyezimira ngati ndasi longovuulidwa m'mafuta. Pamene panayenera kukhala chiphaso panali nyenyezi. Yankho linabwera: nkhope sikugwirizana ndi chiphaso, mwatsala ndi mwayi umodzi.

Chaka chonse chosesa chinandibwerera m'maso. Koma aNyaMoyo sanatekeseke.

"Makina gha boza agha. Vuto ndi duku. Lindani, mpongozi wane anasiya wigi."

Wigi! Atangolowa m'nyumba ndinayang'ana uku ndi uku. Kuwakana sindikanatha, m'chipinda muli mdima, pabwalo pali iwo. Ndinathamangira kuseri kwa nyumba, kubafa.

Bafa la pamenepo ndi la njerwa, lopanda denga, chitseko cha lata. Ndinakhoma ndi kamsomali kake n'kupuma. Ndipo taonani, kuwala kwa mmenemo kunali kwabwino kuposa situdiyo, mthunzi wa khoma koma kumwamba kuli mbee. Ndinavula duku, ndinavula jekete, ndinasamba kumaso ndi sopo amene ndinamupeza pa njerwa, chiphaso nachonso ndinachisambitsa ngati khanda. Ndinachiika pa njerwa youma, tcheke! Chinatuluka bwino, chaka chikuwerengeka ngakhale ndi kamzere kake. Ndinaimirira, ndinachigwira pafupi ndi tsaya, ndinayang'ana maso anga okha pa foni kuti ndisaphethire, tcheke! Chapita. Makina anati talandira, dikirani yankho mawa.

Ndinatsala pang'ono kuvina. Ndiye kunja kunamveka mawu a aNyaMoyo, akuitana dzina langa.

"Tiyamike!"

Ndinamwazamwaza maso, ngati kuti m'bafa muli khomo lina.

"Tiyamike, namva tcheke kawiri. Mukujambula vichi m'bafa?"

Mawu a aNyaMoyo safuna chimkuzamawu. Pampopi, kuseri kwa mpanda, ndowa zinasiya kulira.

"Ine ndimamva za atsikana a mazuwa ghano, kuvula n'kumatumiza thupi kwa wanalume pa foni. Pa nyumba yane yayi! Fumani!"

Ndinatuluka. Tangoganizani mmene ndinaonekera: nkhope yonyowa, duku m'manja, jekete pamkono, ngati munthu amene wavala mothamanga. Iwo ali chilili, wigi ili lende m'dzanja. Amayi awiri a pampopi anali atalowa kale pageti, mmodzi ndowa ikadali pamutu.

"Amama, ndi chithunzi cha ntchito chija."

"Cha ntchito m'bafa? Ntchito yake njakuti uli? Zaninge nayo foni."

Ndinapereka ndi manja awiri, mtima uli m'malo, poti ndinkadziwa kuti ndilibe mlandu. Mitu itatu inaunjikana pa foni, wanga wachinayi. Nkhope yanga inali bwinobwino. Chiphaso chinali bwinobwino. Koma kumbuyo kwanga, anzanga inu! Mukudziwa kuti amayi zovala zamkati sayanika pachingwe cha pabwalo, amayanika m'bafa momwemo kuti maso a anthu asafikeko. Ine ndi mantha anga sindinayang'ane kumbuyo. Pa waya, pamwamba pa mutu wanga, panali mapanti atatu a aNyaMoyo, akuluakulu, ndipo wapakati, wapinki, anali atatambasuka ngati mbendera, kuyambira khutu langa ili kukafika linali.

Mayi wa ndowa uja anaitula pansi pang'onopang'ono, n'kudziphimba pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka.

"Fufutani," anatero aNyaMoyo, motsitsa mawu koyamba chiwadziwireni.

"Chapita kale, amama."

"Chapita nkhu?"

"Ku Lilongwe."

"Akachione ndi njani?"

"Mabwana, amama."

Anayang'ana foni nthawi yaitali. Anaiyandikiza, anaitalikitsa. Ine ndinkangopempha nthaka ya Mzimba kuti ing'ambike ndilowemo ndi dipuloma yanga yomwe.

"Ine zaka zose izi," anatero potsiriza, "ku Lilongwe sindinapondeko. Mbwenu panti wane wanditsogolera, ndipo wafikira mu ofesi."

Amayi a pampopi anagwa nacho chiseko, wina mpaka anakhala pansi m'fumbi. ANyaMoyo anandibwezera foni, analanda jekete ndi duku lawo, analowa m'bafa, anatuluka atabisa kanthu m'chitenje, osandiyang'ana. Achemwali pobwera ku ntchito anali ataimva kale nkhaniyo kwa wakabaza amene anawanyamula, ndipo mmene inkawafika, mapanti anali asanu ndi awiri.

M'mawa mwake ndinadzuka, ndinasesa pabwalo, ndinateleka madzi a tiyi. Meseji inalowa ndikutsuka makapu. Zaka zanu zatsimikizika, mukayambe ntchito ku Edingeni Lolemba. Ndinapita kukagwada pakhomo pa aNyaMoyo n'kuwauza. Anati yewo, Chiuta ngwamuwemi, ndiye kuti Mulungu ngwabwino, ndipo anandipatsa nyemba za m'mbale kuti ndikayambire kumeneko. Za dzulo sanatchule, nanenso sindinatchule.

Chimene sindinawawerengere ndi mzere womaliza wa mesejiyo, wakuti chithunzi mwatumizachi tidulapo nkhope kuti tiike pa khadi lanu la ntchito, lovala pakhosi. Ndakhala ndikuchiyeza ndi zala pa foni, kudula uku, kudula uko. Wapinki uja akuyambira pa tsitsi penipeni.

Ndalumbira, anzanga: ine kudzajambulanso chithunzi ndisanatembenuke kuona kumbuyo, ayi ndithu. Ndipo khadilo likabwera, alimi a ku Edingeni azidzangoona chingwe chake, lenilenilo lizikhala m'kati mwa bulauzi.