Ulusi wa Malemu Rozalina

Lolemba

Ndalankhula mopusa dzulo, lero ndadzuka nazo.

Titatuluka m'tchalitchi, Mayi Anastazia, mkulu wa gulu la amayi, anandiimitsa pakhomo anzawo onse ali pomwepo. Akuti ulusi umene mpingo unapatsa mkazi wanga Rozalina ubwerere ku gulu, poti mwini wake watisiya asanaluke zipewa zija. Zipewa zisanu ndi zitatu, za makanda a ku maternidadi, kumene amayi amachirira, kuno ku Fingoe. Chaka ndi chaka, chisanu chikangoyamba, Rozalina ankaluka n'kukapereka. Chaka chino ali kumanda, mwezi wachitatu tsopano.

Ndikanangoti chabwino. Koma pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Ulusi sutuluka m'nyumba mwanga. Ndiluka ndine."

Palibe anaseka. Bola akanaseka.

Mayi Anastazia anangoti, "Lamulungu likubwerali, a Profesori, pa nthawi ya zopereka."

Zovala za Rozalina abale anagawana, mapoto Selina mwana wathu anapita nawo ku Tete. Dengu la ulusi lokha linatsala, poti linali kuseri kwa chitseko. Ndilo akufuna.

Komabe tiyeni tione. Ndaphunzitsa masamu pa shikola zaka makumi atatu. Kuluka n'chiyani? Kuwerenga basi, koma ndi ulusi. Zipewa 8, masiku 6. Chimodzi ndi kachidutswa patsiku. Zotheka!

Zimene ndapeza m'dengumo:
– mipukutu isanu ndi umodzi ya ulusi: itatu yachikasu, iwiri yobiriwira, umodzi wa mtundu umene sindiudziwa dzina
– chipewa cholekezera pakati, chikadali pa singano
– singano imodzi yokhayo. Inzake kulibe!
– magalasi ake
– masiwiti awiri amene ankandibisira chifukwa cha matenda anga a shuga

Singano yachiwiri ndaipeza pa njinga yanga: sipoko ya gudumu lakumbuyo. Ndaidula, ndainola pa mwala. Njinga ili ndi masipoko ambirimbiri, siingadandaule ndi imodzi.

Masiwiti ndadya.

Lachiwiri

Kuzizira! Madzi a mu ndowa akuluma zala.

Lamulo langa la m'kalasi: usanapange chinthu, yamba wamvetsa mmene chinapangidwira. Ndiye ndasolola singano m'chipewa cha Rozalina kuti ndione timfundo take bwinobwino.

Kulakwa.

Timfundo tonse tathawa. Ndikagwira aka, ako kamasuka. Ndakoka ulusi pang'ono kuti ndione kumene ukuchokera, mzere wonse wapita. Ndakokanso kuti ndiubweze, wina wapita. Pofika masana pamiyendo panga pali mulu wa ulusi wopotanapotana ngati matumbo a nkhuku.

Ndicho chinthu chomaliza chimene manja ake anagwira. Ine ndachimasula m'maola awiri.

Ndakhala pakhonde nthawi yaitali. Mbuzi zikungondiyang'ana.

Ndaimbira Selina. Funso loyamba: "Ababa, mwamwa mankhwala?" Kenako wanditumizira kanema wophunzitsa kuluka. Kuti atseguke ndakwera kachitunda ka kuseri kwa shikola, kumene intaneti imagwira munthu akakweza telefoni m'mwamba. Mu kanemamo muli manja okha a mayi wina, zikhadabo zofiira, mawu akungoti n'zophweka, n'zophweka. Zala zikuthamanga ngati za wakuba pa msika. Asanafike pofunika penipeni, mamega a intaneti atha.

Zipewa zoluka: palibe. Zomasula: theka. Kwa ife a masamu, ndiye kuti ndili pansi pa ziro.

Zisanu ndi zitatu ndinachita kunyanya. Ndiluka zisanu ndi chimodzi.

Lachitatu

Ndadzichepetsa. Ndapita kwa akumadre Filomena, amene anagwira Selina pa ubatizo. Iwo ndi Rozalina anaphunzira kuluka limodzi ku Zambia, mu kampu, nthawi ya nkhondo. Amuna awo anamwalira kalekale, amakhala okha.

Aitenga sipoko yanga, aiyang'ana uku ndi uku. "Akumpadre, mukufuna kuluka kapena kubaya mbewa?"

Andibwereka singano zenizeni. Tayala mphasa panja, poyera, kuti aliyense aone kuti nkhani ndi kuluka. Aliyense waonadi. Njira ya ku bomba la madzi, mjigo wathu uja, imadutsa pomwepo.

Zimene ndaphunzira:
– ulusi sumangidwa ngati chingwe cha ng'ombe
– lilime silithandiza, libwerere m'kamwa
– zala zanga akuti n'zouma ngati chinangwa cha chaka chatha
– kupuma n'kololedwa

Zitakanika ndi mawu, agwira manja anga ndi awo n'kumawayendetsa. Lowetsani, zungulizani, tulutsani, gwetsani. Lowetsani, zungulizani. Nthawi yomweyo amayi anayi aima panjira ndi zigubu pamutu. Moni wawo lero ndi wautali kuposa masiku onse. Afunsa za thupi, za mbuzi, za ku Tete, maso ali pa manja athu. Madzi akudontha m'makosi, osachoka.

Koma ndaluka! Mizere inayi! Timfundo 40, ndawerenga kawiri!

Akumadre anandiuzanso chinthu chimene sindinkachidziwa. Akuti Rozalina mu kampu muja anali wotsalira pa gulu lonse, sisitere wophunzitsa mpaka anamulanda singano kawiri. Ine ndinkayesa anabadwa akudziwa.

Pobwerera gudumu lakumbuyo likuvina. Pa kamlatho ka pafupi ndi msika masipoko ena awiri aduka. Ndafika kunyumba ndikukankha njinga, anthu akundipatsa moni ndi kumwetulira kumene sindikukumvetsa.

Zinayi zikhoza kutheka. Zinayi si zochepa.

Lachinayi

Kumwetulira kuja ndakumvetsa.

Telefoni yalira ndisanasukusule. Selina: "Ababa, ngakhale miyezi inayi sinakwane! Ndipo ndi amadrinya anga, ondigwira pa ubatizo!"

Nkhani yafika ku Tete tsiku limodzi. Mapepala anga opumira ntchito anayenda zaka ziwiri pa msewu womwewo.

Ndamufotokozera za zipewa. Walira, kenako wafunsa za mankhwala.

Akumadre nawo alemba pa telefoni: "Akumpadre, musabwerenso. Singano khalani nazo." Mayi amene wasunga dzina lake zaka zonsezi, ine ndaliipitsa masana amodzi ndi ulusi wachikasu. Ndayamba kuyankha katatu, ndafufuta katatu.

Ndiluka ndekha.

Ndinayamba ndi timfundo 40. Mzere wachikhumi: 47. Pambuyo pake: 58. Tachokera kuti? Ine sindinawonjezere! Zaka makumi atatu ndikulanga ana a eni chifukwa cha yankho lopanda njira yake, lero ndili nalo m'manja.

Ndalowa m'nyumba kukamwa madzi. Potuluka, mpukutu umodzi wobiriwira kulibe. Ulusi wachoka pakhonde, wazungulira nkhokwe kawiri, wadutsa pansi pa khola la nkhuku, wathera m'kamwa mwa mbuzi yanga yaikazi. Takokana. Ndapulumutsa theka. Likununkha.

Chakumadzulo Mayi Anastazia adutsa, sanalowe. Aima pa mpanda.

"Zikuyenda, a Profesori?"

"Zikuyenda."

"Amayi manja ali nawo, akungokhala."

Ndawauza kuti Lamulungu silinafike. Ayang'ana mbuzi, imene kaulusi kobiriwira kakulendewera pa ndevu. Apita.

Ziwiri. Chachikasu chimodzi, chobiriwira chonunkha chimodzi.

Lachisanu

Msana. Khosi. Chala chamkombaphala chatupa.

Timfundo 71. Ndasiya kuwerenga.

Vuto lina: akumadre anandiphunzitsa kuyamba, sanafike pa kumaliza. Chinthu chikungokula. Chipewa amachitseka bwanji kumwamba? Ndasoka m'mbali ndi singano ya masaka, pamwamba ndamanga ngati thumba la chimanga.

Ndachiyesa:
– pa papaya: lamira
– pa dzungu: lamiranso
– pa mutu wanga: chafika m'mapewa, ndipo ndikuona panja bwinobwino kudzera m'mabowo
– pa mtondo: chakwana!

Amuna awiri okumba golide aima ndi mota, njinga yawo yamoto, andipeza ndikuvula mtondo chipewa. Mmodzi ndinamuphunzitsa kale, lero ndi bambo wa ana anayi. Akuti ndimugulitse, akufuna chovundikira mpando wa mota. Sakunyoza ayi, wanena mwaulemu ndithu, chipewa chake chili m'manja. N'zimene zandipweteka.

Lero ndaganiza za Tomasi. Dzina lake sindililemba kawirikawiri. Mwana wathu woyamba. Anabadwira m'tchire tikuthawira ku Zambia, mwezi wozizira ngati uno. Tinali ndi kapulana imodzi, nsalu yokhayo yomufunditsa. Anakhala nafe masiku asanu ndi anayi, tinamuika pansi pa mtengo umene sindingaupezenso.

Rozalina sanandiuzepo kuti amaluka chifukwa cha iye. Inenso sindinafunsepo. Ndinkangodandaula kuti chakudya chachedwa.

Chimodzi. Koma chachikulu.

Loweruka

Ndapita wapansi ku maternidadi, chinthu changa mu pulasitiki. Ndimafuna anamwino andiuze ngati chingagwire ntchito ndisanakachite manyazi m'tchalitchi.

Anamwino achitambasula ndi manja awiri. Achitembenuza. Afunsa kuti kumutu ndi kuti. Kenako, motsitsa mawu: "Tizala ta khanda tingakodwe m'mabowomu, a Profesori. Pepani."

Pakhonde pali amayi atatu akuothera dzuwa ndi makanda awo. Timitu tonse tili pamtunda, kupatula kamodzi kokulungidwa mpango wa amake. Mayi mmodzi ndi wa ku Chiputo, wachira Lachinayi. Kamwana kabadwa masiku asanakwane, kakang'ono ngati botolo la mafuta. Wamva tikunena za zipewa.

"Kodi amayi aja a zipewa abwera liti? Mwana wanga woyamba anamupatsa chofiira. Ndawauza anzangawa kuti adikire, sachedwa."

Anamwino ayang'ana ine. Ndayankha ndine, kuti anatisiya. Mawu atuluka aang'ono.

Wati, "Pepani, ababa." Kenako wakoka kapulana kuti aphimbe mutu wa mwana, timapazi n'kutulukira kunsi.

Sabata yathunthu ulusi uli m'nyumba mwanga, mbuzi ikudya!

Ndabwerera msanga mmene miyendo ikulolera. Ndachotsamo magalasi okha, dengu lonse ndalisenza mpaka kwa Mayi Anastazia. Panjira ndinakonza mawu abwino, okhala ndi chiyambi ndi mathero. Pofika ndangoti, "Nawu."

Sananene kuti ndinakuuzani. Yanena ndi nkhope.

Mmene ndikutuluka pa mpanda, ayamba kale kuimbira amayi. Woyamba: akumadre Filomena.

Chinthu changa ndachiiwala pa benchi la ku maternidadi. Sindikachitenga.

Lamulungu

Zipewa zisanu pa mbale ya zopereka. Zisanu! Kuyambira dzulo masana! Zitatu za akumadre okha. Zing'onozing'ono, zofanana, zopanda bowo ngakhale limodzi.

Mayi Anastazia alengeza kuti ndi mphatso ya malemu Rozalina, zotsalazo zibwera sabata ino, ndipo "tikuthokoza a Profesori amene anatisungira ulusi." Anthu awomba m'manja. Ndawerama, ndayang'ana nsapato.

Akumadre akhala benchi lakutali, maso pa buku la nyimbo. Takumana pakhomo, tapatsana moni ngati anthu a mu ofesi.

Amayi a gulu andipatsa ntchito yokapereka zipewazo, akuti poti miyendo ndili nayo. Panjira ndasankha kakang'ono koposa, kachikasu, ka mwana wa ku Chiputo uja.

Ndachedwa. Mayiyo ndi mwana achoka m'mamawa, mwamuna wake anabwera ndi mota. Nkhungu yonse ija, mphepo ya m'mapiri, msewu wa ku Chiputo umene ndikuudziwa.

Anamwino akuti chinthu changa mayiyo anatenga. Anachipinda pawiri n'kulowetsamo mwana ndi kapulana yake yomwe, ngati mu thumba. "Ndinamuuza za mabowo. Anati bola."

Sindikudziwa ngati ndiyenera kusangalala. Sindikusangalala.

Zinayi ndasiya pomwepo. Kachikasu ndabwera nako, ndi dzina la mudzi pa kapepala. Ndafunsa pa msika za galimoto ya ku Chiputo. Mwina Lachinayi. Mwina sabata inayo. Woyendetsa akuti ali ku maliro, ndipo galimotoyo ilibe matayala awiri.

Anamwino akuti mutu wa khanda suchedwa kukula. Masabata atatu, anayi, basi, sikalowanso.

Ndakhala pakhonde, kachipewa ndakaika pa bondo kuti kasade. Pa bondo langa kakukwana bwinobwino.