Kabokosi Kakadali Kotentha

Pulani yonse inapangidwira m'bala yanga, patebulo lapakona lomwe mwendo wake umodzi timauchirikiza ndi chitsekerero cha botolo. Ndikuti yanga chifukwa ndi yangadi. Ndinayamba ndi kugulitsa mabatire a tochi m'mphepete mwa msewu, lero ndili ndi bala, malole, ndi pasipoti yoti malo odindapo anatha. Ndafika kumayiko komwe mpweya wa m'kamwa umaoneka ngati utsi, ndipo mbava ndaziona zamitundumitundu, zina zovala mataye. Koma ngati zitatu izi, ayi, sindinazione kwina kulikonse.

Mtsogoleri wawo anali Injiniya. Dzinali analipeza chifukwa anasesapo m'shopu yokonza mawailesi, mpaka tsiku lomwe mwini shopu anazindikira kuti tsache likusesa ndi zida zomwe. Wachiwiri anali Thilakitala, chimunthu cha mapewa ngati chitseko, wochedwa kuganiza koma wonyamula chilichonse. Wachitatu anali Kadzidzi, wa maso akuluakulu, amene ntchito yake inali kuyang'ana ngati kukubwera anthu. Palibe pagululo anadzifunsapo kuti kadzidzi masana amatani.

Tsikulo ndinali nditatsamira pakauntala, ndikufotokozera makasitomala za kabokosi ka mlamu wanga, dokotala wa mano. Mlamu wangayo amamvera nyimbo za pamalekodi, zimbale zakuda zakalekale zija zomwe singano imayenda pamwamba pake. Mawu ochokera pasinganopo ndi aang'ono ngati a udzudzu, ndiye pamafunika kabokosi kowakweza asanafike ku ampulifaya ndi kumasipika. Kakeko n'kamachubu agalasi, oyaka mofiirira ngati makala. Anakagula kali bwinobwino, n'kuyamba kukakonza. Anachotsa tizida tamagetsi ta kufakitale totchedwa makapasita n'kuikamo ena onenepa, anasintha mawaya, anawotcherera uku ndi uku mpaka chivindikiro chinakana kutsekeka, moti kamangokhala pamtunda matumbo ali panja. Machubu ake ndinamubweretsera ine kuchokera kutsidya kwa nyanja, nditawakulunga m'masokosi anga, ndipo ulendo wonsewo sindinatsamire mpando poopa kuwaswa.

"Kabokosi kameneko kali ndi malamulo awiri," ndinatero mokweza, poti ine sindinong'ona. "Ukakayatsa, dikira machubu atenthe kaye, apo m'pamene mawu amatsekemera. Ukakazimitsa, dikira azizire okha usanakasunthe. Ukakanyamula kali kotentha, wakapha."

Pakona paja Injiniya anatsitsa botolo pang'onopang'ono.

"Aise, mwamva? Dilu ndi imeneyo. Ndili ndi mdala wina wopenga ndi zinthu zakale. Kameneko akalandira ndi manja awiri, koma amafuna zamoyo."

"Nanga TV?" anafunsa Thilakitala.

"TV amaba ndi ana. Ife ndife akatswiri."

"Tipita kukada?" anatero Kadzidzi.

"Kukada eni ake amakhalamo, mutu wakowo. Masana dokotala amakhala ali m'kamwa mwa anthu, mayi amapita kukwaya. Tivala maovolosi. Munthu wa ovolosi safunsidwa."

Zonsezi ndinazimva ndi makutu angawa. Koma patebulo limenelo anyamatawa anali atabera kale banki, bwalo la ndege ndi sitima yapamadzi, zonse asanadzuke pampando. Ndinangouza wogulitsa kuti awachotsere mabotolo opanda kanthu.

Ulendo uno anadzuka.

Anafika kwa mlamu wanga dzuwa lili pamutu, atavala maovolosi obwereka, Thilakitala akukankha wilibala yomwe anayalamo mapilo a mkazi wake. Loko wa chitseko chakukhitchini anagonja atangoona phewa lake. Kadzidzi anamusiya pakhonde.

"Ukaona munthu, likhweru," anatero Injiniya.

"Bho. Maso anga ndi awa."

Pakhondepo panali mthunzi ndi mpando wa ndalema. Zina mukhoza kuzidziwa nokha.

Chipinda cha nyimbo cha mlamu wanga si chipinda wamba. Chitseko chake n'chochindikala, anachikuta ndi thonje kuti phokoso lisatuluke, ngakhale mlongo wanga, yemwe ndi mkazi wake, amati n'kuti mawu ake asalowe. Mawindo ali ndi zitsulo ndi makatani olemera. Malekodi ali ndandanda m'mashelefu mpaka kudenga. Pakati penipeni pali mpando umodzi wokha, ndipo pansi anajambulapo ndi penti pomwe miyendo yake iyenera kuima, chifukwa ndi pokhapo pomwe masipika onse awiri amamveka mofanana.

Thilakitala anayang'ana kabokosiko, n'kuyang'ana wilibala.

"Akulu, ndi kameneka? Kangakwane m'thumba la shuga."

"Chotsa manja! Tikayese kaye. Tikamupititsira chakufa mdala uja, atiseka."

Anakayatsa. Machubu anayamba kufiira pang'onopang'ono. Thilakitala anafuna kuika lekodi, Injiniya n'kumumenya padzanja.

"Lamulo loyamba. Atenthe kaye."

Anadikira. Mbava ziwiri zovala maovolosi, zitaimirira m'nyumba ya eni, manja kumbuyo, zikuyang'ana galasi likutentha. Machubu atafiira bwino, Injiniya anakhala pampando uja, napinda miyendo, n'kuuza mnzakeyo kuti atsitse singano mwaulemu.

Ine ndamvera zoimbaimba m'maholo akuluakulu akunja, momwe munthu ukatsokomola onse amakutembenukira. Ndikukuuzani, kabokosi kameneko sikasiyana nawo. Lipenga linalira ngati woimbayo waima pakapeti pomwepo, mpaka kupuma kwake kumamveka. Injiniya anatsinzina.

"Kamoyo," anatero lekodi itatha mbali imodzi. "Zimitsa."

Thilakitala anazimitsa n'kutambasula manja kuti anyamule.

"Lamulo lachiwiri!"

Anadikiranso. Injiniya ankayandikitsa kumbuyo kwa dzanja pamachubu ngati mayi woyesa mwana malungo. Atazizira ndithu, anagwedeza mutu kuti nthawi yakwana. Apo m'pamene Thilakitala, amene maganizo ake amafika mochedwa ngati basi yakumudzi, anayankhula.

"Koma akulu, sipika yakumanzere ine sindinaimve."

"Unaima pakona. Pampando pano zonse zimamveka."

"Ine ndangonena zomwe ndamva. Mwina kakuimba mbali imodzi. Mdala wanu uja ali ndi makutu angati?"

Injiniya anayang'ana sipika yakumanzere, yomwe sinanene kanthu.

"Yatsa," anatero.

Machubu anali atangofiira kachiwiri pamene mlongo wanga anatulukira pageti. Woimbitsa kwaya anali atagwidwa chimfine, ndiye anabalalika msanga. Pakhonde anapeza mwamuna wa ovolosi akuliza mkonono pampando wa ndalema, kukamwa kuli yasa. Anamulambalala. Kukhitchini anapeza loko ali lende. Pakhomo la chipinda cha nyimbo anapeza wilibala ya mapilo. Mlongo wanga tinabadwa mimba imodzi, nzeru n'zakumtundu. Sanafunikire kuuzidwa.

Muyenera kudziwa kuti chipinda chimenecho poyamba chinali chake, chosokeramo. Makina ake osokera anasamutsidwira m'kanjira kopita kubafa kuti kabokosi kapeze mpweya. Nsalu yake yapatebulo ya paukwati ili ndi mabowo a mtovu wotentha. Ndipo alendo akabwera, mwamuna wake amawalanda asanamalize moni, n'kukawakhazika pampando uja mmodzimmodzi.

Anaima pakhomo, chikwama chili m'khwapa.

"Ndinu akuba?"

"Ayi mayi, ndife amagetsi," anatero Injiniya. "Tikuyeza mphamvu."

"Amagetsi a mapilo? Ndafunsa bwinobwino. Ndinu akuba?"

"Eya, mayi," anatero Thilakitala, yemwe analeredwa bwino.

Mlongo wanga anayang'ana kumwamba, milomo ikugwedera ngati akuthokoza.

"Mwabwerera kameneko?"

"Kameneka, mayi."

"Nyamulani. Fulumirani, bambo ake asanaweruke. Mukufuna bulangete? Katoni? Malekodiwa tengani omwe, wilibala ikachepa ndikubwerekani ya kumunda."

Thilakitala anamwetulira n'kupita kukabokosi. Injiniya anamutchinga.

"Sizingatheke, mayi. Kakadali kotentha."

"Ndiye?"

"Kafa tikakanyamula."

"Kafe! Kakafere kwanu!"

"Mayi, ife tili ndi kasitomala."

Mlongo wanga anapita kuchipinda chogona n'kubwera ndi fani. Injiniya anatsala pang'ono kugwada.

"Mayi, chonde! Azizire okha. Mphepo yadzidzidzi galasi limathetheka."

"Iwe, ndiwe wakuba kapena ndiwe namwino?"

"Ndine injiniya, mayi."

"Mwamuna wanga wachiwiri ndi ameneyu," anatero mlongo wanga, akuuza khoma. Anaponya chikwama pansi, anatenga thaulo, napinda manja a bulauzi. "Chokapo. Ndikunyamulira ndekha mpaka pamsewu."

Zomwe zinachitika apa Thilakitala anakazifotokoza yekha kupolisi, ndipo wolemba anachita kumubwerezetsa kuti amve bwino. Injiniya anaima kutsogolo kwa kabokosi, manja atatambasula ngati goloboyi, kuteteza katundu kwa mwini nyumba.

"Musakakhudze, mayi. Pokhapokha mutandiponda."

"Ndikuti ba!"

"Tiba, mayi, koma mwadongosolo."

"Akulu," ananong'ona Thilakitala, "bwanji tingotenga TV? Mayiwa ndi abwino mtima."

"TV mukaigwira ndikuthyolani zala," anatero mlongo wanga. "Ndimaonerapo ine."

Anawayang'ana onse awiri kuyambira kumutu mpaka kunsapato, monga amayang'anira nsomba ya dzana pamsika. Kenako anatola chikwama chake.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikupempherera akuba, n'kundibweretsera inu. Chabwino. Poti mwakakonda, khalani nako."

Anatuluka, nakoka chitseko chochindikala chija, n'kukhoma. Thilakitala anachiyesa ndi phewa, koma kugunda thonje kuli ngati kumenyana ndi matiresi. Mawindo, ndanena kale, ali ndi zitsulo. Anakuwa kuitana Kadzidzi, koma mlamu wanga chipindacho anachimanga kuti mawu asatuluke, ndipo ntchito yake ndi yaukhondo ngati mano amene amaika.

Mlongo wanga anaimbira apolisi, kenako mwamuna wake, kenako ine.

"Achimwene, bwerani mudzaone makasitomala anu."

Ndinafika pagalimoto yanga yaikulu nthawi imodzi ndi mlamu, yemwe anali akadali ndi chovala chake choyera, nkhope itatuwa ngati wazula dzino lolakwika. Apolisi awiri anali atafika kale, akumwa tiyi pabalaza. Tinapita tonse pachitseko. Mlamu anagunditsa khutu pathonje.

"M'katimu mukuimba nyimbo," anatero.

Sajeni anatsegula. Thilakitala anali pampando wapakati uja, miyendo ya mpando ili ndendende pazizindikiro za penti, misozi ikutsika m'masaya. Injiniya anali chilili pambali, akutembenuza lekodi ndi nsonga za zala. Poona kuti kothawira kulibe, anali ataikanso lekodi.

"Akulu," anatero Thilakitala osatsegula maso, "yakumanzere ikumveka."

Mlamu wanga sanayang'ane munthu. Anathamangira kukabokosi, anawerama, anasuzumira machubu, mawaya, singano. Zonse zinali m'malo mwake. Anadzuka n'kuyang'ana Injiniya, yemwe unyolo unali utalowa kale m'manja.

"Munadikira kuti atenthe?"

"Tinadikira, adokotala."

"Ndiye mwakamva bwanji?"

"Pamwamba m'poyera, adokotala. Koma pansi, ng'oma zikulemera pang'ono."

"Ndi makapasita atsopanowo. Sanazolowere."

"Bambo ake," anatero mlongo wanga ali pakhomo, "muwapatsenso tiyi?"

Sajeni anatsokomola. Anati malamulo ndi malamulo, katundu amene amafuna kubedwa ayenera kupita kupolisi ngati umboni. Mlongo wanga nkhope inawala kachiwiri tsiku limenelo. Anamupatsa thaulo lija ndi manja awiri. Sajeni anazimitsa kabokosi n'kuwerama kuti akanyamule.

"Kakadali kotentha!"

Anakuwa atatu pamodzi: mlamu wanga, Injiniya, ndi Thilakitala. Ine sindinakuwe. Lamulolo ndi langa, sindifunika kulibwereza.

Sajeni anabweza manja ngati wagwira mbaula. Ndiye tinadikira tonse, apolisi, mbava, dokotala ndi ine, titazungulira kabokosi, tikuyang'ana galasi likuzizira. Podikirapo mlamu anafotokozera sajeni za makapasita, kuyambira pachiyambi. Machubu asanazizire n'komwe, sajeni anati waganiza bwino, chithunzi cha pafoni chikwanira, ndipo anatuluka mofulumira akukoka akaidi ake.

Pakhonde wapolisi winayo anagwedeza mpando wa ndalema ndi nsapato. Kadzidzi anatsegula maso ake akuluakulu aja, anaona yunifolomu, anaona anzake ali m'maunyolo, anaika zala m'kamwa n'kuimba likhweru lamphamvu, loti agalu a mumsewu wonse anayankha.

"Akulu," anatero, "kukubwera anthu."

Anakwera galimoto ya apolisi onse atatu, wilibala n'kuikweza pambuyo pawo, mapilo ali momwemo.

Ine ndinabwerera kubala n'kuuza aliyense kuti mbava zitatu ndinazigwira ndi pakamwa pokha, ndili pakauntala panga, osatuluka thukuta. Palibe anatsutsa. Kabokosi kakadali pamalo pake, chivindikiro sichinatsekekebe, ndipo mlamu akuti ulendo wotsatira ndimubweretsere machubu ena, poti mawu a Injiniya onena za ng'oma akumusowetsa mtendere.

Mlongo wanga yekha ndiye sanakhululuke. Loko wakukhitchini anakana kuti akonzedwe. Ndipo ndikapita kukacheza, amandiperekeza mpaka pageti, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kunditsina pamkono.

"Achimwene, m'bala mwanumo mukadzamva ena akupangana, lamulo lachiwirilo mudzalisunge mumtima."