Tsitsi Lolondera Mphezi

Inu, tamverani izi basi isanabwere.

A Telala mumawadziwa, aja amasoka pakhonde la sitolo ya mabuku, tepi ili m'khosi ngati adokotala. Ngati nkhope simuikumbuka, tsitsi lawo ndiye simungaliiwale. Lakuda bii, lonyezimira, logonera kumanzere ngati udzu wa m'mbali mwa msewu lole ikangodutsa. Anzawo amsinkhu wawo mitu inasanduka mabwalo a mpira kalekale, koma iwo ayi. Anthu akawafunsa chimene amadzola, iwo ankangoti, "N'zakumtundu izi. Agogo anga anamwalira chipeso chili m'manja."

Zakumtundu zake ziti! Tsitsilo linabwera m'bokosi. Pansi pake panali dazi loti ntchentche ikatera imaterereka mpaka m'khosi. Wigiyo anakaigula kutali kumene sadziwika, ndipo itayamba kumasuka m'mbali anaisoka okha pamakina, zitseko ndi mawindo zili chitsekere.

Tsono a Telalawa mtima unali utagwera Mayi Sikelo, mayi wamasiye wa golosale ya pakona. Dzinalo analipeza chifukwa chilichonse amachiyeza kawiri: shuga, mchere, ngakhale moni wa munthu. Tsiku lina a Telala atawabweretsera makatani amene anawasokera, mayiwo anayang'ana makataniwo, kenako mutu wa mwini ntchito, n'kunena kuti, "Koma inu tsitsi Mulungu anakupatsani." Basi, mawu okhawo. A Telala anabwerera kumakina kwawo akuyenda ngati wapolisi wokwezedwa udindo, ndipo masana amenewo anasoka buluku la kasitomala n'kutseka mwendo umodzi kumapeto ngati thumba la mpunga.

Mayi Sikelo anali ndi mlongo wawo wamng'ono amene kale ankayendetsa minibasi. Atasiya, anagula boti la injini ndi chipewa choyera, n'kulamula kuti dziko lonse lizimutcha Kaputeni. Ameneyu ndi amene anati munthu wofuna achemwali ake ayambe wamuona panyanja. A Telala anavomera, ndipo mumtima anatsimikiza kuti mawu a ukwati adzawatula pomwepo, pakati pa madzi, pamene mayiwo sangathe kunena kuti, "Dikirani kaye ndithandize kasitomala."

Vuto linali limodzi: mphepo. Boti limathamanga, ndipo kaguluu kamene kanabwera ndi wigi kanali koti munthu akayetsemula mwamphamvu mutu umasamuka. Ndiye anapita kumsika, kwa mkulu wogulitsa zipangizo za osoka nsapato.

"Ndikufuna guluu."

"Wa nsapato yanji, bwana?"

"Ya... munthu wothamanga kwambiri. M'madzi."

"Uyu ndi wabwino."

A Telala ananunkhiza. "Awa ndi malovu. Musandione ngati mlendo, achimwene, ine msika uno ndinabadwiramo. Nditulutsireni uja mumabisa pansi pa benchi."

Mkuluyo anawerama, n'kutulutsa kachitini kopanda dzina. "Uyu akagwira wagwira, bwana. Timamatira matayala."

"Ndiye ameneyo."

M'mawa mwake anapaka guluuyo padazi mosaumira, ngati majarini pa buledi wa mlendo wolemekezeka. Anakanikiza wigi ndi manja onse awiri mpaka guluu anatulukira pamwamba n'kulowerera m'tsitsi, iwo n'kulisalaza ndi chipeso kumanzere monga mwa masiku onse. Anagwedeza mutu. Zii. Anadumpha. Zii. Anatulutsa mutu pawindo la minibasi ulendo wonse, ndipo palibe ngakhale katsitsi kamodzi kanasuntha.

Kugombe anapeza Kaputeni akupukuta boti lake. Pakati pa botilo anali ataimika paipi yachitsulo yaitali ngati mtengo wa magetsi, pamwamba pake kansalu kofiira, kuti anthu a kumtunda azidziwa kuti akudutsayo ndi iye. Mayi Sikelo anali atakhala kale m'botimo, ambulera pamiyendo, jekete loyandamitsa atalimanga mpaka kukhosi.

"Tisananyamuke, malamulo," anatero Kaputeni. "Ino ndi nyengo ya mvula, ndipo mphezi panyanja siiseka ndi munthu. Ndinamva pawailesi. Mphezi isanagwe, tsitsi la munthu limaimirira. Likangoimirira, timathawa."

"Ananena zokhazo?" anafunsa Mayi Sikelo.

"Mabatire anatha, achemwali, koma mfundo yaikulu ndinaitola." Anavula chipewa, dzuwa n'kuwala pamutu pake ngati pa mbale yatsopano. "Ine mukundiona. Inu achemwali munaluka, ndipo zingwe zanuzo ngakhale mphezi singazidzutse. Ndiye mlamu wanga wa mawa, mlonda wathu ndinu. Ine ndiziyang'ana madzi, achemwali aziyang'ana mutu wanu."

Inu, mukanakhala inu mukanatani? A Telala anangomva zoti Mayi Sikelo aziwayang'ana mutu tsiku lonse. Anamwetulira n'kunena kuti, "Palibe vuto. Tsitsi ili silinandikhumudwitsepo."

Atafika pakati pa nyanja, Kaputeni anaponya m'madzi chubu cha tayala la thirakitala chomangirira ku chingwe. "Mwamuna wofuna kulowa m'banja lathu amayamba wakwera apa."

"Amuna awo oyamba anakwerapo?" anafunsa a Telala.

"Nthawi imeneyo ndinalibe boti. Anachita mwayi. Tsikani."

Chimene chinachitika pachubupo musandifunse. Kaputeni ankayendetsa boti ngati akulimbirana makasitomala pasiteji. A Telala anauluka, anagwa, anadzuka, anamwa nyanja pang'ono, anaitana amayi awo amene anamwalira kalekale. Nsapato imodzi inapita. Tepi ya m'khosi, imene anaiwala kuvula, inapita. Buluku linatsala pang'ono kutsatira. Koma atawakokera m'boti ngati nsomba yotopa, tsitsi linali pamalo pake, logonera kumanzere, ngati akuchokera kojambulitsa.

Kaputeni anavula chipewa mwaulemu. "Achemwali, mwaona? Ili ndiye tsitsi la m'banja labwino."

Anazimitsa injini, n'kutulutsa ndodo yowedzera yaitali, yachitsulo, yoti n'kuthyolera mapapaya a pakhomo la aneba. A Telala anapuma, anafinya malaya, n'kuyamba kukonza kukhosi kuti atule mawu aja. Akuti atsegule pakamwa, kumadzulo kunamveka guu, ngati munthu akukoka kabati m'chipinda chapamwamba.

Onse anacheuka. Mtambo wakuda unali utakhala pamwamba pa mapiri ngati mwininyumba wobwera ndi nkhani yoipa.

"Iwe, kwagunda uko," anatero Mayi Sikelo. "Tiye kumtunda."

"Taimani, achemwali. Tili ndi chipangizo." Kaputeni anawerama, n'kuyang'anitsitsa mutu wa a Telala mbali zonse. "Lagona. Tulo tofa nato. Imeneyo ndi mvula ya anthu ena."

Apa m'pamene a Telala anamva thukuta likuyenda pansi pa wigi, likusowa potulukira. Anayang'ana paipi yachitsulo. Anayang'ana ndodo ya Kaputeni italoza kumwamba ngati ikuitana. Anayang'ana nyanja yonse pepete, palibe mtengo, palibe nyumba, chachitali chokha ndi iwo. Munthu safunika sukulu kuti aone kuti mphezi ikafuna potera, sivutika kusankha.

Anaganiza zolidzutsa yekha tsitsilo. Ananamizira kukanda, n'kuyesa kulitukula ndi chala. Chala chinangoterereka. Guluu uja anali atauma mpaka kunsonga, tsitsi lonse litasanduka chisoti cha wanjinga yamoto. Anatulutsa chipeso mobisa. Mano atatu anathyoka.

Ng'ani! Kenako guu, pafupiko.

"Ndikumva ngati... likufuna kuimirira," anatero a Telala. "Kumizu kukunyerenyetsa."

"Musachite mantha ndi kunyerenyetsa, alamu. Pawailesi anati kuimirira." Kaputeni anaponyanso mbedza. "Nsomba zimadya bwino kukachita mdima chonchi."

Mvula inayamba kudontha. Mayi Sikelo anatambasula ambulera, nsonga yake yachitsulo n'kukwera pamwamba pa mitu ya onse. A Telala anaiyang'ana nsongayo, anayang'ana nkhope ili pansi pake, ndipo mtima unawauza kuti pali zinthu ziwiri: kukwatira ali ndi dazi, kapena kukhala ndi tsitsi pamaliro. Anaimirira. Anakumbukira kuti kuimirira n'kudzipereka kwa mphezi, anakhalanso pansi msanga.

"Mayi, Kaputeni, ndili ndi mawu. Tsitsi ili si langa."

"N'la agogo anu, munanena kale," anatero Kaputeni.

"N'logula! Ndi wigi! Ngakhale mphezi itatera pamphuno panga pano, ili silidzuka!"

Kaputeni anaseka mpaka ndodo inagwedera. "Achemwali, mwamumva munthu wanu? Mantha amutulutsa bodza. Wigi yake iti yoti n'kupirira chubu changa? Bwerani kuno."

Anaika ndodo pakati pa miyendo, n'kugwira tsitsilo ndi manja awiri. Anakoka. Nsidze za a Telala zinakwera mpaka pakati pa mphumi. Anakokanso, phazi ataponda pabenchi. Maso a a Telala anatseguka kuposa mmene Mulungu anawapangira, makutu anasuntha, munthu yense anadzuka pampando. Tsitsi, zii.

"Lanu ili! Lili ndi mizu mpaka m'mapewa!"

"Ndi guluu wa matayala!"

"Matayala pamutu? Alamu, ngati mukuopa madzi ingonenani."

Ndakhala ndikuona anthu akulumbira kuti katundu wabodza ndi weniweni. Imeneyo ndiyo ntchito ya msika. Koma munthu kulira misozi kuti akhulupiriridwe kuti katundu wake ndi wabodza, ogula n'kumakana, zimenezo zinachitika m'boti limenelo basi.

"Taweramani," anatero Mayi Sikelo.

A Telala anawerama. Mayiwo anapinda khutu lawo, n'kuyendetsa chala kuseri kwake pang'onopang'ono, monga amachitira pofufuza pamene thumba la shuga labooka. Chala chinaima.

"Apa pali msoko."

"Mwina anachitidwa opaleshoni," anatero Kaputeni.

"Msoko wa makina, iwe. Ulusi wake ndi womwe uli pamakatani anga."

Kaputeni anasiya kuseka. Anayang'ana mutu wa a Telala, anayang'ana mtambo umene tsopano unali pamwamba pawo penipeni, n'kufunsa ndi mawu aang'ono, "Ndiye kuti nthawi yonseyi tinalibe mlonda?"

Phaa! Kutsogolo kwawo nyanja inang'ambika ndi kuwala, phokoso lake n'kulowa m'mano. Kaputeni anataya ndodo, anagwa chafufumimba, n'kuyamba kulapa machimo a paminibasi, kuyambira anthu amene anawapanikiza asanu pampando wa atatu.

"Udzalapa kumtunda!" anakuwa Mayi Sikelo, akupinda ambulera n'kuiponya pansi. "Kukagunda munthu amachoka pamadzi, samafunsa tsitsi! Gwetsa chipaipi chakocho! Inu a Telala, khalani pansi pakatikati, manja asakhudze madzi kapena chitsulo. Iwe, liza injini!"

Paipi inagwetsedwa ndi mbendera yake yomwe. Injini inalira. Koma Kaputeni anakana kudzutsa mutu, poti dazi lake limanyezimira ndipo mphezi ingalione. Anayendetsa atagona, osaona kutsogolo, achemwali ake akumuuza njira ngati kondakitala. "Kumanja! Kumanja kwako, osati kwanga!" Anazungulira malo amodzi kawiri, anadutsa m'mabango, analowa m'gulu la abakha, mpaka boti linakwera pamchenga ndi liwiro loti onse atatu anatsika osafuna.

Kaputeni anadzuka n'kuthamangira pansi pa mtengo waukulu umene unali wokha pagombepo, n'kuukumbatira. Mayi Sikelo anamutsatira, anamugwira khutu, n'kumukokera kugalimoto yake imene anaisiya pagombepo, ngati mbuzi yopita kumsika. "Wathawa paipi kuti ukakumbatire mtengo? Lowa umu! Tsekani magalasi, ndipo aliyense manja pamiyendo."

Anakhala m'galimotomo, mvula ikumenya denga, mabingu akugubuduzika pamwamba. Kaputeni anali kutsogolo, chipewa chitapita ndi mphepo. Kumbuyo kunali a Telala, nsapato imodzi, malaya onyowa, mphumi yofiira, tsitsi lokha lili bwinobwino. Anaona kuti chotaya china palibenso.

"Mayi," anatero, maso ali paphazi lopanda nsapato, "ndinabwera ndi mawu lero. Ndikudziwa kuti katundu watsika mtengo. Koma ngati mungalole munthu wadazi..."

Mayi Sikelo anawayang'ana nthawi yaitali, n'kuwayang'ananso kachiwiri monga mwa khalidwe lawo.

"Munthu woulula mutu wake kuti ine ndisapse, sindingamutaye," anatero. "Koma ine sindilandira katundu ali m'katoni. Tsiku limene ndidzaone mutu weniweniwo, ndi kuugwira, ndi kuugogoda, tsiku lomwelo tikayambe zokonzekera. Vulani."

"Pano?"

"Pano."

A Telala anagwira. Anakoka. Kaputeni anacheuka n'kuthandiza. Galimoto inagwedezeka mpaka anthu obisala m'galimoto ina anayamba kusuzumira. Zii.

Ndiye mukadutsa pakhonde la sitolo ya mabuku m'mawa, mukaona munthu atagwada, mutu uli m'beseni la madzi ofunda, musamufunse mtengo wa buluku. Ayesa sopo, mafuta ophikira, palafini. Anabwerera kwa wogulitsa guluu uja kukadandaula, mkuluyo n'kuwagwira chanza, n'kuwapempha kuti aziima pafupi ndi benchi Loweruka makasitomala aziona. Mayi Sikelo amadutsa madzulo aliwonse akatseka golosale, amapinda khutu, amasuzumira, n'kunena kuti, "Sanatsegulebe," n'kumapita.

Moyo wawo wonse a Telala akhala akulimbana ndi amalonda kuti awagulitse chinthu chenicheni. Anawagulitsa kamodzi kokha.